Mbale Yanu Yamera Msuku

Amayi,

Kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ndafunsa monga mwa mwambo, koma funso limeneli landivuta zaka zonsezi, chifukwa ndikati "kumene muliko" ndinalibe poloza ndi chala. Anzanga akamapita kukalambula pamanda pa amayi awo, ine ndinkangowabwereka khasu. Lero ndakhala pakhonde pano pa Mitundu ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni. Koma munkadana ndi munthu wogwetsa nkhani yaikulu asanapereke moni wa pakhomo, ndiye ndiyambe ndi zing'onozing'ono.

Lusiya, mzime wanu, wachira. Wabereka mwana wamkazi ku chipatala cha ku Nkhoma, atatsogoza anyamata okhaokha. Mwanayo ali ndi chipumi chanu, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope monga munkachitira polowetsa ulusi m'singano. Chikondi wanga, amene munamusiya akukwawa, tsopano amameta ndevu ndi lumo la abambo ake mobisa, ngakhale ndevuzo n'zoti munthu achite kuzifunafuna padzuwa. Ine ndikuphunzitsabe pasukulu yomwe ija, ndipo imvi zayamba m'mbali mwa makutu, pomwe zinayambira zanu.

Chimanga chaka chino tapeza, koma ndi chamakono chija chofewa chimene anankafumbwe amachikonda kuposa ife. Chamakolo chimene munkapachika mbewu yake pamwamba pa moto chinatithera chaka cha chilala. Mtedza unakana. Denga la khitchini likudontha pakona, ndipo abambo a Chikondi akhala akulonjeza kulikonza kuyambira mvula yapita ija. Abambo athu, atawasudzula, anabwerera kwawo ku Dedza ndipo anatsikira kulichete konko. Mwina mwaonana. Manda awo ali ndi simenti ndi dzina lolembedwa bwino. Ndikapitako ndimachita nsanje m'malo mwanu.

Vuto limene latisowetsa mtendere ndi dzina la khandalo. Lusiya akufuna kulitcha Elube, dzina lanu. Amalume a Yohane, mlongo wanu uja wokonza njinga pamsika, anakana. Sanakane mwaukali, mukuwadziwa, iwo amakana akuseka. Anati dzina la munthu wosowa pogona salipereka kwa khanda, chifukwa mwini wake akatopa n'kuyendayenda adzagona mwa mwanayo. Mchombo unagwa, mwana anatuluka m'chikuta, koma tinkangomutcha kuti Mwana. Lusiya ankalira mobisa, ndipo ine sindinawatsutse amalume, pakuti zoti mukusowa pogona ndinkazidziwa kuposa iwo.

Sindikudziwa ngati zimene zinachitika kumudzi wathu wakale munaziona kapena zinangokugwerani. Musanagone nthawi yaitali, kunabwera anthu a zingwe ndi zikhomo. Anati malo onse kuyambira kudambo mpaka kunjira ya ku Nathenje atengedwa, pakhala esiteti ya fodya ya munthu wina wamkulu. Dzina lake ngakhale muno sindilemba, dzanja linazolowera kuopa. Tinasamuka. Anatilonjeza kuti msitu wa kumanda saukhudza, ndipo kwa zaka zingapo unaimadi wokha pakati pa fodya, wakuda bii, tikumapempha kwa alonda kuti tilowe tikalambule. Kenaka nkhuni zoumitsira fodya zinayamba kusowa. Chilimwe china ine ndi Lusiya tinapita ndi makasu athu, tinapeza mizere. Mizere yokhayokha, amayi, yowongoka kuchokera kumpanda wa waya mpaka kumene maso alekezera. Lusiya anati tiyambire pachulu chija cha m'mphepete mwa manda kuti tipeze pamene munali, koma chulunso anali atachisalaza. Titawauza amalume, anaseka kuseka kwawo kwa mantha kuja, nati womwalira wamwalira, amene amatengedwa pagalimoto osabwerako ndi amoyo. Tinatseka pakamwa monga anachitira mudzi wonse.

Kuyambira pamenepo munayamba kundibwerera. Simundiopseza ayi. Kutulo mumangoima pamphambano, mukuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo amene watsika basi pamalo olakwika. Koma chimene chimandiziziritsa thupi kwambiri ndi cha masana. Ndikamatsuka ziwiya kuseri kwa nyumba ndimamva kulira kwa mbale yachitsulo ikugunda pamwala, ngee, pamene zanga zonse zili m'madzi. Ndimatembenuka, ndimangoona nkhuku.

Mbale yake ndimaidziwa. Ndi yoyera ija ya mkombero wabuluu imene abambo anabwera nayo kuchokera ku Halale, imene simunkalola mwana kudyeramo. Mbale zanu zonse munkaziika chizindikiro cha phazi la nkhuku m'mbali, ndi penti wobiriwira wotsala pachitseko cha tchalitchi, kuti zikapita kumaliro kapena kuukwati zizibwerako. Munkati, "Mbale yopanda chizindikiro ndi ya mudzi wonse." Tsiku limene tinakuikani, akulu a mpingo atatembenuka kubwerera kumudzi, amayi aang'ono anaitulutsa m'chitenje n'kupatsa adzukulu okumba manda. Iwo anaiboola pansi ndi msomali, monga amachitira ndi chiwiya chilichonse chosiyidwa kumanda kuti wamoyo asadzadyeremonso, n'kuikhazika kumutu kwa mtumbira wanu, pansi pa msuku waukulu uja. Ndi msuku womwe uja munandimenyera dzanja ndili mwana nditatola zipatso zake tikudutsa. Munati, "Suku la kumanda ndi la mbalame."

Tsopano nkhani ija. Pochokera ku Nkhoma kokaona Lusiya ndinatsika basi pa Nathenje kuti ndidikire lole yodzera njira yafumbi ya kuno. Achinyamata a chipani anali pachipata cha msika kufunsa makhadi, ndipo langa ndinali nditaliiwala m'chikwama china, choncho ndinakakhala pakhonde la kasitolo kena kumapeto kwa mzere, kutali ndi maso awo. Mwini wake, mayi wachisilamu wotchedwa Abiti Juma, anandipatsa mpando ndi tiyi. Anati lole siibwera mpaka dzuwa litapendeka, ndiye m'malo mowerenga ntchentche ndipite kuseri ndikaone mkazi mnzake. Ndinaganiza kuti akunena za mitala. Anaseka mpaka kugwira chitseko, nati amuna ake, Che Amidu, anakwatira mitengo, iye ndi wongophikira.

Kuseri kwa sitoloyo malo amatsetsereka mpaka kumtsinje, ndipo onsewo anawatchinga ndi khonje. Nditangolowa pakachipata, mthunzi unandigwira ngati madzi. Amayi, mulibe bulugama ngakhale mmodzi, mulibe malaina. Muli mitengo yathu, ija imene kuno tsopano timangoitchula. Mlombwa, muwanga, naphini, mtowo, chitimbe, katope m'mphepete mwa madzi, msolo umene agogo ankathira nsembe patsinde pake. Yambiri ikadali yaing'ono, yongopitirira msinkhu wa munthu, koma yayamba kale kukumana pamwamba. Uliwonse uli ndi kathabwa ka dzina lake m'Chichewa ndi m'Chiyao, pakuti Che Amidu ntchito yawo ndi kulemba zikwangwani za masitolo. Ndinayenda ndikuwerenga ngati ndikuitana mayina m'kalasi, ndipo dzina lililonse linkabwera ndi mawu anu. Pamtowo ndinakumbukira mmene munkatafunira matowo pobwera kumunda n'kumati akuthandizani kuiwala njala. Koma panali chinanso chimene sindinachimvetse msanga. Fungo la masamba oola, kuzizira kwake, ngakhale kulira kwa mbalame, zonse ndinali nditazimvapo kwina. Ndinazindikira kuti ndikuyenda monyang'ama ndiponso ndakokera chitenje paphewa, osadziwa chifukwa chake.

Che Amidu ndinawapeza akuthirira. Ndi bambo wowonda, wa kachisoti koyera ndi zala zothimbirira penti, wochokera kumapiri a kummawa kwa nyanja. Anafika pa Nathenje ife titasamuka kale. Anasangalala kulandira mlendo. Anati kumabwera ansembe a ku Likuni, ophunzira zaulimi, nthawi zina azungu, koma anthu a pamsika pomwepo amangoti wamisala uja wobzala tchire. Kenaka ananditengera m'nyumba yaitali ya zidina, yofolera udzu, ya mawindo opanda magalasi, imene amaonetseramo ntchito zawo.

Mukanaikonda nyumba imeneyo, amayi, inu amene munkayenda mtunda kukafuna dothi lozirira. Zithunzi zake amajambula paziguduli zokokedwa pansungwi, ndipo sagwiritsa penti wa m'sitolo. Amasakaniza katondo, makande, dothi loyera la kudambo ndi makala, n'kuthiramo utomoni wa mthethe kuti zigwire. Amajambula mitengo yokhayokha. Chithunzi china chachikulu chinali munda wa zitsa, mulibe munthu, mulibe mbalame, chitsa chilichonse chikutuluka kofiira pamwamba monga umachitira mlombwa ukadulidwa. Pansi anaimika mizu ndi zitsa zenizeni zimene anatola. Anandiuza kuti sasema nkhope ya munthu kapena ya nyama, chipembedzo chawo sichilola, iwo amangotsuka muzu, kuupala ndi kuusiya monga unadzipindira wokha m'nthaka. Komatu ine ndinkaona anthu. Apa chigongono, apo msana wa mayi wowerama pamtondo, uko bondo la munthu wogona cham'mbali. Sindinawauze.

Ndiye kunabwera kamphepo kudzera pawindo, ndipo ndinamva. Ngee. Ngee, ngee.

Kumapeto kwa nyumbayo anapachika pamawaya ziwiya zakale zachitsulo: makapu, timbale, ketulo yopanda chivundikiro, zonse zadzimbiri, zikulendewera kuchokera kumtanda wa denga ndi kugundana mphepo ikawomba. Dzuwa linkalowa pazibowo zake n'kugwetsa timadontho towala pansi. Ndinasendera pafupi. Chilichonse chinali ndi chibowo chimodzi pansi, pakatikati, choboola ndi msomali.

Ndinafunsa kumene anazitenga, ndipo mawu anga ndinawamva ngati a munthu wina. Anayankha monyadira. Anati atangofika kuno ankayenda panjinga njira ya ku Mitundu kukalemba zikwangwani, ndipo kumalire a esiteti anapeza chigwembe chimene thirakitala inakankhiramo zitsa, dothi ndi zinyalala. Mvula itagwa, pamuluwo panamera timitengo tamitundumitundu, timene sankationanso kwina kulikonse m'dera lino. Anayamba kumatizula ndi dothi lake lomwe n'kumabwera nato kuno. Munda wonsewu, anatero, unachokera m'chigwembe chimenecho. Ziwiyazo anazipeza momwemo, ndipo anaona kuti linali dzala la mudzi wina wosamuka.

"Koma amayi a m'mudzi umenewo ankakonda chidulo, aphunzitsi," anatero akuseka. "Mbale iliyonse yoboola, yochezera chidulo basi."

Sindinaseke. Iwo sanazindikire, anapitiriza kundionetsa. Anati mbale zoboola n'zabwino kufesera mbewu za mitengo chifukwa madzi sakhazikika, ndipo nzeruyo sanaipeze okha. Inawaphunzitsa ndi mbale imodzi imene anaipeza itadzaza kale dothi, kamtengo katamera momwemo. Sanakazule. Anaitenga monga inaliri n'kuikhazika pansi pakona ya munda, ndipo pamene ankati akaoke, muzu unali utadutsa kale pachibowo n'kugwira nthaka. Anati tiyeni mukauone, ndiwo woyamba kubadwa.

Ndi msuku, amayi. Wanditalikira kale, ndipo chaka chino wabereka koyamba timasuku tating'ono tosapsa. Thunthu lake linakula n'kung'amba pansi pa mbaleyo, moti yatsala ngati mkanda wozungulira tsinde, theka lili m'dothi. Koyera kuja kunasanduka kwachikasu. Mkombero wabuluu ulipo. Ndinagwada, ndinapukuta m'mbali ndi nsonga ya chitenje, ndipo phazi la nkhuku linatuluka, lofufuma koma lathunthu, chala chapakati chotalikirapo monga munkachilembera.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yotani pamenepo. Nyerere zinkakwera pamkono wanga. Che Amidu anafunsa ngati ndadwala, akatunge madzi.

"Bambo," ndinatero, "chigwembe chija si dzala. Izi ndi mbale za kumanda. Iyi ndi ya amayi anga."

Ndinawafotokozera za msomali, za msitu umene unadulidwa, za mizere. Anakhala pansi padothi pomwepo, bambo wamkulu, miyendo itawongoka ngati mwana. Ananong'ona pemphero m'chinenero cha chipembedzo chawo, akuyang'ana zikhatho zawo. Kenaka anati kwawo saika kanthu pamanda, munthu amapita ndi nsalu yake yokha, ndiye zoterezi sizinawabwerere m'mutu n'komwe. Anayang'ana munda wonse, mtengo ndi mtengo, ngati akuuona koyamba. Ndinaona mantha akuwafika pang'onopang'ono. Anati zikamveka pamsika kuti munthu wobwera akusunga ziwiya za kumanda kuseri kwa sitolo, adzawatcha mfiti, ndipo sitoloyo siidzaona m'mawa. Zikamvekanso ku esiteti kuti wina akunena zoti pamene pali fodya panali manda, tonse awiri tidzakafotokoza kumene anthu sabwerako msanga. Anati ali ndi macheka odulira chitsulo, angathe kudula mbaleyo pawiri n'kundipatsa, kapena kudula mtengowo kuti ituluke yathunthu.

"Mundiuze chochita, mayi," anatero. "Mbale ndi yanu. Mtengowu sindikudziwa kuti ndi wa yani."

Inenso sindinkadziwa. Mtima wina unkati ndiinyamule, ndikaibise m'sutikesi pansi pa bedi, ikhale yanga ndekha. Koma ndikanapita nayo kuti? Mbale yoboola salowa nayo m'nyumba, ndipo pamanda poti ndikaibwezere palibe. Ndinawapempha kuti asakhudze kanthu mpaka nditabwera ndi mwini mbumba. Lole italiza hutala kumsewu, Abiti Juma anandiyang'ana nkhope, anayang'ana amuna ake, ndipo nthabwala imene inali pakamwa pake anaimeza.

Amalume ndinawauza ali pantchito, akupopa tayala, kuti phokoso la pampu litiphimbe. Anaseka. Anafunsa ngati ndikufuna kuti akafere kundende chifukwa cha mbale, pa ukalamba wawo uno, mano atatha kale oti n'kutafunira nyemba za kumeneko. Anati ndinaona phazi la nkhuku chifukwa ndinkafuna kuliona. Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa. Koma Loweruka m'mawa ndinawapeza pakhomo atavala jekete lawo la kutchalitchi, atamanga kansalu pakaliyala kuti ndikhalepo. Anati akupita ku Nathenje kukafuna masipoko, ngati ndili ndi ulendo ndikwere.

Njira yonse ankacheza za mitengo ya zinthu ndi za achinyamata a masiku ano. Podutsa pampanda wa esiteti anapalasa mwamphamvu osayang'ana kumbali. Pasitolo anaseka ndi Abiti Juma, namuuza kuti tiyi wake ndi wofooka ngati mawondo awo. Koma titalowa pakachipata ka khonje, nthabwala zinatha. Anavula chipewa okha, popanda wowauza.

M'nyumba ya zithunzi ija sanayang'ane ziguduli kapena mizu. Anapita molunjika kumene kunkachokera kulira. Anaima nthawi yaitali pansi pa mawaya, kenaka anatambasula dzanja n'kugwira kakapu kena kakang'ono, kamene chogwirira chake chinathyoka ndipo wina anachilumikiza ndi sipoko ya njinga yopindidwa bwino. Mukumukumbukira Petulo, mwana wawo woyamba uja amene anapita ndi chikuku? Inu ndi amene munamusambitsa. Chiyambire sindinawamvepo amalume akutchula dzina lake. Ngakhale tsiku limenelo sanalitchule. Anangokafumbata kakapuko kuti kaleke kulira.

Pamsuku anagwada movutikira, bondo limodzi kenaka linzake. Anakhudza phazi la nkhuku ndi chala. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira akulu pofika pamalo a eni ake.

"Alongo," anatero, "mwasamuka osatiuza. Ife tinkakufunani kumizere."

Che Amidu anali ataima chapatali ndi macheka m'manja, akudikira chiweruzo. Amalume anawauza kuti akabwezere machekawo kumene anawatenga. Anati palibe chodula pano, mtengo kapena mbale, pakuti zinagwirana zokha ndipo si ife oti tizilekanitse. Che Amidu anayamba kupepesa, koma amalume anawadula mawu. "Ife eni ake tinathawa, inu munatola. Wopepesa ndani pamenepa?"

Anakhala pansi onse awiri pamthunzi n'kupangana, motsitsa mawu, Abiti Juma ataima pachipata ngati akuyanika nsalu. Ziwiya za pamawaya azitsitsa, chilichonse achikhazike patsinde la mtengo. Zofesera mbewu azisiya pomwe zili. Amalume aziuza mabanja a kumudzi wakale limodzilimodzi, pokonzetsa njinga, ndipo obwera azibwera ngati odzagula mchere, osati gulu, osati ndi nyimbo. Timathabwa ta mayina a mitengo tikhale momwemo kuti alendo aziona munda wa mitengo basi. Che Amidu anafunsa za zipatso, chifukwa ana a pamsika amadumpha khonje nthawi ya matowo. Ndinapezeka nditayankha ndi mawu anu, akuti suku la kumanda ndi la mbalame. Abiti Juma anati ana awasiyire iye, ali ndi pakamwa pokwanira.

Pobwerera, pachitunda china pafupi ndi mpanda wa esiteti, tinatsika njinga n'kumaikankha. Fodya anali atathyola kale, kunatsala mapesi okhaokha ndi fumbi. Ulendo uno amalume anaima, anayang'ana kumizereko nthawi yaitali, mlonda akutiyang'ana ifenso. Kenaka anavala chipewa n'kuyamba kukankha.

"Ukamuuze Lusiya," anatero osandiyang'ana, "mwana uja ndi Elube."

Ndiye muli ndi mnzanu wa dzina, amayi. Amadya bwino, amalira mokweza, ndipo Lusiya akuti akamamuitana amachita manyazi ngati akukutchulani inu pamaso. Anthu ayamba kupita kukagula mchere ku Nathenje, ena okalamba oti mchere wa pa Mitundu unkawakwanira. Amabwerako osanena kanthu, koma tikakumana pachitsime timayang'anana mosiyana ndi kale.

Sindikunamizani kuti zonse zakhala bwino. Mafupa anu akadali pansi pa fodya wa munthu wina, ndipo mvula ikagwa adzaungapo mizere ina. Sindikudziwa ngati munthu amakhala pamene pali mafupa ake kapena pamene pali mbale yake. Abusa akanati sakhala pamafupa kapena pambale, ndipo sindikufuna kuwafunsa. Kutulo sindinakuoneninso pamphambano paja. Koma dzulo masana, ndikutsuka kuseri, ndinamvanso, kamodzi kokha, ngee. Sindinatembenuke. Ndinangoti ndamva, amayi, n'kupitiriza kutsuka.

Khosi la Elube likalimba tibwera naye, ine ndi Lusiya, mvula isanayambe, kuti mumuone chipumi chija nokha. Ndidzatenga tsache. Ndapemphanso kwa akulu a mpingo kapenti kobiriwira kotsala pachitseko, osawauza ntchito yake. Che Amidu anadzipereka kuti alembe ndi iwo, popeza ndi ntchito yawo, koma ndinakana. Phazi la nkhuku lija lafufuma, ndipo ndidzalibwereza ndi dzanja langa, chala chapakati chotalikirapo, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti mbaleyo ili ndi mwini wake.

Gonani bwino pamthunzi wanuwo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati